Mbiri ya Zilango za Madalaivala Ophetsa Anthu Pamsewu ku England

Pa milandu yonse yokhudza imfa ya munthu, mlandu wa dalaivala amene wapha mnzake chifukwa chosasamala ndiwo wakhala ukusautsa kwambiri opanga malamulo ndi oweruza a ku England, popeza umakumanitsa zinthu ziwiri zosalingana kukula: kulakwa kumene kawirikawiri kumakhala kochepa, monga kuchotsa maso pamsewu kwa kamphindi, ndi imfa, imene ilibe chobwezera. Wopha munthu mwadala savuta kumuweruza, chifukwa kuipa kwa mtima wake ndi kuipa kwa zimene wachita zimayendera limodzi, koma dalaivala wosasamala amafika kukhoti ali munthu amene sanafunire aliyense zoipa, pamene kumbali inayo kuli banja limene laika maliro. Mbiri ya zilango za mlanduwu ndi mbiri ya kukokana pakati pa mafunso awiri, lakuti munthuyu analakwa motani ndi lakuti chachitika n'chiyani, ndipo m'zaka 70 zapitazi funso lachiwirilo ndilo lakhala likupambana pang'onopang'ono.

Kale kwambiri, kusanabwere galimoto, malamulo a ku England adali ndi njira yozembera funso loyambalo. Chinthu chilichonse chimene chaphetsa munthu, kaya ndi kavalo, ngolo, mtengo kapena mphero, chinkalandidwa n'kukhala cha mfumu, ndipo chinthu cholandidwa motero chinkatchedwa deodand. M'malo molanda chinthu chenichenicho, mwini wake ankalipira mtengo wake, umene unkayerekezedwa ndi juri, ndiko kuti gulu la anthu wamba osankhidwa kuti amve umboni ndi kugamula zoona za nkhani, motsogozedwa ndi mkulu wofufuza imfa zadzidzidzi. Anthu a m'juri, amene kawirikawiri ankamudziwa mwini ngoloyo, adazolowera kunena kuti chapha munthu ndi gudumu lokha osati ngolo yonse ndi akavalo ake, kotero kuti ndalama yolipira inkakhala yochepa. Zinthu zidatembenuka itabwera sitima yapamtunda, chifukwa eni ake tsopano adali makampani olemera a kutali amene palibe ankawamvera chisoni. Pa 24 December 1841 sitima ya Great Western Railway idawomba dothi limene lidagumukira panjanji pa Sonning, pafupi ndi Reading, ndipo anthu 8 amene adakwera m'mabogi osafolera kumbuyo kwenikweni kwa injini adafera pomwepo. Juri idaika deodand ya mapaundi 1,000, ndalama yochuluka zedi pa nthawiyo. Sipadapite zaka zambiri, mu 1846 Nyumba ya Malamulo idathetsa mwambowu, ndipo m'chaka chomwecho idakhazikitsa lamulo lolola achibale a womwalirayo kusumira wolakwayo kuti awalipire chipukuta misozi. Kuchokera pamenepo nkhani ya kulipira banja idapatukana ndi nkhani ya kulanga wolakwa, ndipo njira ziwirizo sizidakumanenso.

Lamulo la 1861 lokhudza milandu yovulaza anthu lidaika chilango cha zaka zosapitirira 2 kwa woyendetsa ngolo amene wavulaza munthu poyendetsa mwaukali kapena mwachipongwe, ndipo ndimeyo idakali yamoyo mpaka m'nthawi yathu ino, moti mu 2017 khoti la ku London lidaigwiritsa ntchito polamula kuti mnyamata wina wa njinga yakapalasa yopanda buleki yakutsogolo, amene adagunda ndi kupha mayi wina, akakhale m'ndende miyezi 18. Magalimoto oyamba oyendera nthunzi adamangidwa ndi lamulo la 1865, limene linkafuna kuti asapitirire mamailosi 4 pa ola kumidzi ndi mamailosi 2 m'tauni, komanso kuti munthu aziyenda pansi patsogolo pawo atanyamula mbendera yofiira.

Pa 17 August 1896 mayi wina wa ku Croydon, Bridget Driscoll, wa zaka 44, ankadutsa m'bwalo la Crystal Palace ku London ali ndi mwana wake wamkazi pamene adagundidwa ndi galimoto imene inkanyamula anthu pofuna kuwaonetsa mmene makina atsopanowa amayendera. Dalaivala wake, Arthur Edsall, adali atayendetsa galimoto kwa milungu itatu yokha, ndipo adalibe laisensi chifukwa chinthu chotero kudalibe. Iye adauza bwalo lofufuza imfayo kuti ankayenda mamailosi 4 pa ola ndiponso kuti adaliza belu ndi kukuwa, pamene mboni zina zidati galimotoyo inkathamanga koopsa ndipo inkayenda mokhotakhota. Atamva umboni kwa maola 6, anthu a m'juri adagamula kuti imfayo idali ngozi, ndipo palibe amene adazengedwa mlandu. Mayiyu amakumbukiridwa monga munthu woyamba woyenda pansi kuphedwa ndi galimoto ku Britain, koma chofunika kwambiri pa mbiri ya malamulo ndi chigamulocho, chifukwa chidatsegula kanjira kamene mabwalo adakayenda kwa zaka zambiri, kotenga imfa ya pamsewu monga tsoka logwera onse awiri, wophedwa ndi wopha yemwe.

Lamulo la magalimoto la 1903 lidabweretsa laisensi, nambala za galimoto, malire a liwiro a mamailosi 20 pa ola ndi mlandu woyendetsa moika anthu pachiswe, koma silidanene chilichonse chapadera za dalaivala amene wapha munthu. Woteroyo ankayenera kuimbidwa mlandu wakale wopha munthu mosakonzekera, umene m'malamulo a ku England umakhudza aliyense amene waphetsa mnzake popanda cholinga chopha kapena chovulaza kwambiri, ndipo chilango chake chinkatha kufika pa moyo wonse m'ndende. Vuto lidagona pamenepa. Anthu a m'juri sankafuna kuika dalaivala m'gulu limodzi ndi munthu wopha mnzake pandewu ya kumowa, ndipo sikovuta kuona chifukwa chake munthu akadziwa kuti, kufikira m'zaka za m'ma 1970, ololedwa kukhala m'juri ankakhala eni nyumba kapena okhala m'nyumba za mtengo wofika pamlingo wina, ndiye kuti anthu a gulu lomwelo limene linkagula magalimoto. Poyang'ana woimbidwa mlandu ali m'kabokosi ka khoti atavala suti yake, aliyense wa iwo ankakumbukira tsiku limene nayenso adakhota pakona ali paliwiro, nadziuza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Oyenda pansi, amene ambiri mwa iwo adali ana, okalamba ndi anthu osauka, ndiwo ankafa mochuluka, koma ochepa a iwo ndiwo ankakhala pampando wa juri.

M'zaka za m'ma 1930 misewu ya ku Britain idali malo oopsa kuposa mmene munthu wa lero angaganizire. Lamulo la pamsewu la 1930, limene adalitsogolera ndi nduna Herbert Morrison, lidachotseratu malire a liwiro pa magalimoto ang'onoang'ono, ngakhale kuti lidakakamiza eni magalimoto kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ovulazidwa, ndipo lidasiyanitsa kuyendetsa moopsa ndi mlandu wocheperapo woyendetsa mosasamala. Mu 1934 anthu 7,343 adafa pamisewu, pa nthawi imene magalimoto onse m'dzikolo sankafika 3 miliyoni, ndipo nduna yatsopano, Leslie Hore-Belisha, idabwezeretsa malire a mamailosi 30 pa ola m'malo okhala anthu, pamene mayeso oyendetsa galimoto adayamba kukakamizidwa mu 1935.

Milandu iwiri ya nthawi imeneyo imaonetsa bwino mmene zinthu zidalili. Mu August 1935 Lord de Clifford, mmodzi wa mafumu a m'nyumba ya House of Lords, adawombana ndi galimoto ina usiku pamsewu wa Kingston, kunja kwa London, galimoto yake ili kumbali yolakwika ya msewu, ndipo dalaivala wa galimoto inayo adamwalira. Popeza lamulo lakale linkati mfumu yotere ikaimbidwa mlandu waukulu iweruzidwe ndi mafumu anzake, mlanduwo udazengedwa mu December chaka chomwecho m'nyumba ya mafumuwo, iwo atavala mikanjo yawo ya mwambo. Loya wake adati kupezeka kumbali yolakwika pakokha si umboni wa kusasamala kofika pa mlandu wopha munthu, ndipo mafumuwo adamupeza wosalakwa tsiku lomwelo. Umenewu udali mlandu wotsiriza kuzengedwa mwa njira imeneyi, ndipo mwayi woweruzidwa ndi mafumu anzako udathetsedwa mu 1948. Wina amene adalibe mwayi wotero adali Andrews, wantchito wa dipatimenti ya zamtengatenga mumzinda wa Leeds, amene usiku wina mu 1936, akuyendetsa vani, adapitirira galimoto ina ali paliwiro, nagunda munthu amene adatsala pang'ono kumaliza kuwoloka msewu, namunyamula pabonati kwa kamtunda, namuponda, osaima. Adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 15 ndi kulandidwa laisensi moyo wake wonse, ndipo apilo yake itafika ku House of Lords mu 1937, woweruza Lord Atkin adavomereza chigamulocho koma adafotokoza kuti kusasamala wamba, kokwanira kuti munthu alipire chipukuta misozi, sikukwanira pa mlandu wopha munthu, umene umafuna kusasamala kwa mlingo waukulu kwambiri. Mfundoyo idali yolondola, koma idasiya mpata waukulu pakati pa mlandu wa moyo wonse m'ndende ndi mlandu wa chindapusa, ndipo madalaivala ambiri opha anthu ankagwera mumpatamo.

Mpata umenewo ndiwo Nyumba ya Malamulo idafuna kutseka mu 1956 pokhazikitsa mlandu watsopano wophetsa munthu poyendetsa moopsa kapena mosalabadira, wa chilango chosapitirira zaka 5. Cholinga sichidabisike: mlandu wa dzina lofewa ndi chilango chocheperapo ukadachititsa kuti anthu a m'juri asamaope kupeza dalaivala wolakwa. Akatswiri ena a malamulo adatsutsa kuyambira pachiyambi, ponena kuti madalaivala awiri akapitirira galimoto ina pakona imodzimodzi ndi liwiro lofanana, wina n'kupeza msewu uli mbee, wina n'kukumana ndi wanjinga, kulakwa kwawo n'kofanana ndipo chowasiyanitsa ndi mwayi chabe. Patapita zaka 20, mu 1976, anthu awiri ofufuza nzeru zakuya, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, adalemba za vuto lomweli la mwayi pa kuweruza khalidwe la munthu, ndipo onse awiri adagwiritsa ntchito chitsanzo cha dalaivala wa lole amene wagunda mwana. Yankho la mbali inayo, limene silidalembedwe mwaluso lotere koma lidali ndi mphamvu pakati pa anthu, lidali lakuti munthu amene wasankha kuika miyoyo ya ena pachiswe wavomera kusenza chilichonse chimene chingatuluke, ndipo kuti lamulo losatchula n'komwe kuti pafa munthu limanyoza womwalirayo.

Makhoti adamasulira mawu akuti kuyendetsa moopsa mokulitsa kwambiri, moti mu mlandu wa Evans, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, adanena kuti zilibe kanthu kaya dalaivala adachita dala, kaya adangoiwala kwa kamphindi, kaya adayesetsa mmene angathere koma luso lidamuchepera, malinga kuyendetsa kwake kudali koopsa. Chotsatira chake chidali chakuti anthu ambiri ankapezeka olakwa, koma ochepa okha ndiwo ankapita kundende. Mu 1973, pa mlandu wa Guilfoyle, khoti la apilo lidagawa madalaivala otere m'magulu awiri: amene adalakwitsa mwa kuiwala kwa kanthawi kapena kuyeza molakwa mtunda ndi liwiro, amene ankayenera chindapusa ndi kulandidwa laisensi, ndi amene adaonetsa kudzikonda kosalabadira miyoyo ya ena, kuphatikizapo oledzera, amene ankayenera ndende. Kugawa kumeneku, ngakhale kuti mawu ake asinthidwa kangapo, ndiko kudakali msana wa malangizo onse a zilango amene adabwera pambuyo pake.

Zaka zotsatirazo zidali za kusinthasintha mawu. Lamulo la 1977 lidachotsa kuyendetsa moopsa n'kusiya kuyendetsa mosalabadira kokha, ndipo popeza kusalabadira kumakhudza zimene zidali m'mutu mwa dalaivala, makhoti adatha zaka zambiri akukangana za tanthauzo lake, makamaka pambuyo pa mlandu wa Lawrence wa 1981. Komiti yotsogozedwa ndi Peter North idalangiza mu 1988 kuti lamulo liziyang'ana kuyendetsa kwenikweniko osati maganizo a woyendetsa, ndipo lamulo la 1991 lidatsatira langizolo pofotokoza kuyendetsa moopsa monga kuyendetsa kotsika kwambiri poyerekeza ndi kwa dalaivala waluso ndi wosamala, pamene kuyendetsa mosasamala kudatsala kukhala kuyendetsa kongotsika chabe. Kusiyana konse pakati pa milandu iwiriyi kudatsamira pa mlingo wa kutsikako, chinthu chimene oimira boma, maloya ndi anthu a m'juri akhala akuchiyeza mosiyanasiyana kufikira lero. Lamulo lomwelo lidakhazikitsanso mlandu wophetsa munthu poyendetsa mosasamala utaledzera kapena utagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo.

Dalaivala wosaledzera amene wapha munthu mwa kusasamala wamba ankaimbidwabe mlandu woyendetsa mosasamala basi, umene unkazengedwa m'khoti la majisitireti ndipo chilango chake chidali chindapusa ndi mapointi a palaisensi. Mu 1984, pa mlandu wa Krawec, khoti la apilo lidatsimikiza kuti chofunika polanga mlandu umenewu ndi mmene munthu adayendetsera, ndipo zotsatira zosayembekezeka za kusasamalako siziyenera pazokha kukweza chilango. Kwa loya mfundoyi idali yomveka, koma kwa banja loferedwa idatanthauza kukhala pabenchi ya kumbuyo m'khoti lodzaza milandu ing'onoing'ono, kumva mlandu wa imfa ya mwana wawo ukutha m'mphindi zochepa pakati pa mlandu wa woimika galimoto molakwika ndi wa wosalipira msonkho wa pamsewu, nthawi zina dzina la mwanayo osatchulidwa n'komwe. Mabanja otere ndiwo adasintha mbiri imeneyi kuposa akatswiri onse. Bungwe la Campaign Against Drinking and Driving lidayambitsidwa mu 1985 ndi makolo oferedwa, la RoadPeace lidakhazikitsidwa mu 1992 ndi Brigitte Chaudhry, amene mwana wake adaphedwa mu 1990 ndi dalaivala wodutsa maloboti atafiira amene adangolipitsidwa chindapusa, ndipo la Brake lidabwera mu 1995. Mwambo wokumbukira ofera pamsewu Lamulungu lachitatu la mwezi wa November, umene RoadPeace idauyambitsa, udavomerezedwa ndi United Nations mu 2005.

Kuyambira pamenepo zilango zidangokwerakwera. Malire a chilango chophetsa munthu poyendetsa moopsa adachoka pa zaka 5 kufika pa zaka 10 mu 1993, lamulo la 2003 lidawakweza kufika pa zaka 14, ndipo kuyambira pa 28 June 2022 khoti likhoza kupereka chilango cha moyo wonse, ndiye kuti mlandu umene udapangidwa mu 1956 kuti ukhale wofewa kuposa kupha munthu mosakonzekera tsopano uli ndi denga lofanana nawo. Pakati pa zaka zimenezi padachitika ngozi ya pa Great Heck, pafupi ndi Selby, pa 28 February 2001, pamene dalaivala amene adachezera usiku osagona adasinza pachiwongolero, galimoto yake ya Land Rover idaphotchoka pamsewu waukulu wa M62 n'kugwera panjanji, ndipo sitima yonyamula anthu itaiwomba idachoka m'njira yake n'kugundana ndi sitima ya katundu, anthu 10 n'kufa. Dalaivalayo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 5, chilango chimene ena adachiona chochepa poyerekeza ndi miyoyo 10, pamene ena adachiona chachikulu kwa munthu amene, galimoto yake ikadaima mamita ochepa njanji isanafike, akadangouzidwa kuti akagone.

Kusintha kwakukulu pa mfundo kudadza ndi lamulo la chitetezo cha pamsewu la 2006, limene ndime zake zokhudza imfa zidayamba kugwira ntchito pa 18 August 2008. Kwa nthawi yoyamba dalaivala wosaledzera, amene kulakwa kwake kudali kusasamala wamba, akadatha kupita kundende mpaka zaka 5 ngati pafa munthu, pamene kusasamala komweko popanda imfa kudakhalabe mlandu wa chindapusa. Lamulolo lidapitirira apo pokhazikitsa mlandu wophetsa munthu poyendetsa wopanda laisensi, wopanda inshuwalansi kapena utaletsedwa kuyendetsa, ndipo poyamba makhoti adaumasulira ngati kuti kungopezeka pamsewu kokhako n'kokwanira. Malire a maganizo amenewa adaoneka pa mlandu wa Hughes, bambo amene adalibe inshuwalansi ndiponso laisensi yokwanira, koma ankayendetsa bwinobwino kumbali yake pamene galimoto ina, imene dalaivala wake adali atatopa komanso atagwiritsa ntchito mankhwala a heroin, idalowa kumbali yake n'kumuwomba, ndipo dalaivala wa galimoto inayo ndiye adamwalira. Mu 2013 khoti lalikulu koposa la Supreme Court lidagamula kuti munthu sanganenedwe kuti waphetsa mnzake pokhapokha pakhale cholakwika china m'kuyendetsa kwake chimene chathandizira imfayo, chigamulo chimene chidabwezeretsa pang'ono funso la kulakwa pamalo pake.

Masiku ano woweruza wa ku England ndi Wales sayamba pachabe, koma amatsatira malangizo a Sentencing Council, bungwe lokonza miyeso ya zilango, amene adakonzedwanso mu July 2023. Pa kuphetsa munthu poyendetsa moopsa, malangizowo amayambira pa zaka 3 kwa wolakwa pang'ono, zaka 6 kwa wapakati, ndi zaka 12 kwa amene adachita zinthu monga kupikisana liwiro, kuthawa apolisi kapena kunyalanyaza dala malamulo a pamsewu kwa nthawi yaitali, pamene pa kuphetsa munthu mosasamala chilango chimayambira pa kugwira ntchito zothandiza anthu wosalowa m'ndende n'kulekezera pa zaka 4. Wovomera mlandu msanga amachotseredwa mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo chilango chachifupi chikhoza kuimikidwa, kutanthauza kuti munthuyo sapita kundende pokhapokha atalakwanso. N'chifukwa chake mabanja ambiri, atamva pawailesi za chilango cha moyo wonse, amatuluka m'khoti atakhumudwa, poti milandu yochuluka si ya opikisana liwiro koma ya munthu amene sanayang'ane kawiri potuluka pamphambano.

Mbiriyi imakhudzanso maiko amene adalandira malamulo a England pa nthawi ya atsamunda. Lamulo la 1902 lokhazikitsa khoti lalikulu m'dziko limene lidadzatchedwa Nyasaland lidalowetsa malamulo a England monga momwe adalili m'chaka chimenecho, ndipo mlandu wopha munthu mosakonzekera udalembedwa m'buku la malamulo a milandu la 1929, limene Malawi akuligwiritsabe ntchito litasinthidwa m'malo ambiri; pambali pake pali lamulo la pamsewu la 1997, limene apolisi amaimbira madalaivala mlandu wophetsa munthu poyendetsa mosasamala, monganso Zambia ili ndi mlandu wophetsa munthu poyendetsa moopsa. Kusiyana kumene kulipo n'kwakuti kuno nkhani ya kupepesa banja sidapatukane kotheratu ndi nkhani ya mlandu, chifukwa anthu amayembekezera kuti dalaivala kapena mwini galimoto aonekere pamaliro, athandize bokosi, chakudya ndi mayendedwe, ndipo amene sanatero amaweruzidwa ndi mudzi khoti lisanakhale n'komwe. Malamulo a England adasiya mbali imeneyi m'manja mwa makampani a inshuwalansi, ndipo mwina n'chifukwa china chimene mabanja kumeneko amaikira chiyembekezo chawo chonse pa kutalika kwa chilango, popeza ndi malo okhawo pamene wolakwayo amalipira ndi thupi lake.

Funso lakuti zilango zokwerazo zapulumutsa miyoyo ingati silingayankhidwe mokomera zilangozo munthu akayang'ana ziwerengero. Imfa za pamsewu ku Britain zidafika pachimake cha nthawi ya mtendere mu 1966, pamene anthu 7,985 adamwalira, ndipo chaka chotsatira nduna Barbara Castle idabweretsa malire a mowa a mamiligalamu 80 pa mamililita 100 a magazi pamodzi ndi kachipangizo kopimira mpweya, kachubu kokhala ndi timiyala tachikasu timene tinkasanduka tobiriwira dalaivala woledzera akapuziramo mpweya wolowa m'kathumba. Anthu ambiri, makamaka eni malo omwera mowa, adamuda kwambiri mayiyu, koma pofika 1968 imfa zidali zitatsika ndi anthu oposa 1,000. Kumanga lamba pampando wakutsogolo kudakakamizidwa mu 1983, ndipo pambuyo pake padabwera makamera ojambula othamanga, misewu yokonzedwa bwino, magalimoto olimba ndi chithandizo chofulumira cha ovulala, kotero kuti kuyambira 2010 chiwerengero cha omwalira sichidafikenso 2,000 pachaka, ngakhale kuti magalimoto aposa 40 miliyoni. Zonsezi zimagwira dalaivala ngozi isanachitike, pamene chilango cha imfa chimabwera maliro ataikidwa kale, ndipo munthu amene akuyang'ana foni ali pachiwongolero saganiza za zaka 14 kapena za moyo wonse, chifukwa sakhulupirira n'komwe kuti angaphe munthu.

Apa sikuti chilango chilibe ntchito, chifukwa dziko liyenera kunena poyera kuti moyo umene watayika udali wamtengo wapatali, ndipo amene amayendetsa ataledzera kapena mwampikisano ndende imawayenera mosakayikitsa. Chodabwitsa n'chakuti aphungu, amene kwa zaka 30 akhala akupikisana pokweza zaka za m'ndende, achita zochepa pa chilango chimene chimayenderana kwenikweni ndi mlanduwu, chomwe ndi kuchotsa dalaivala woopsa pamsewu. Andrews wa ku Leeds adalandidwa laisensi moyo wake wonse mu 1936, chinthu chimene makhoti a masiku ano amachita mwa apo ndi apo, poopa kuti munthu ataya ntchito kapena ayamba kuyendetsa mozemba. Lamulo la 2022 lidakweza nthawi yochepetsetsa yolandidwa laisensi kwa wophetsa munthu poyendetsa moopsa kuchoka pa zaka 2 kufika pa zaka 5, koma kwa wophetsa munthu poyendetsa mosasamala lidaisiya pa miyezi 12.